Opulumuka Kansa ya Paubwana Ali ndi Malo Pagome la Mfumu

Mwana wa Jonatani anapulumutsidwa ali ndi zaka zisanu, koma anakula ali wopunduka. Komabe mfumu inamsungira malo pagome lake. Onani 2 Samueli 4:4, 9:13.

1 CHISANAFIKE chaka cha 1960, mwana akapezeka ndi kansa ya m'magazi, madokotala analibe mawu ena ouza makolo ake koma akuti akonzekere maliro. Nzoona kuti mu 1948 Dr. Sidney Farber wa ku Boston, United States, analengeza kuti mankhwala otchedwa aminopterin anabweza nthendayo mwa ana 10 pa ana 16 amene anawalandira. Koma mpumulowo sunakhalitse. Pamene chipatala cha ana cha St. Jude chinatsegulidwa mumzinda wa Memphis mu 1962, ana pafupifupi 4 okha pa 100 alionse odwala mtundu wofala koposa wa kansa imeneyi ndiwo anali kupulumuka. Lerolino, m'maiko olemera, pafupifupi 90 pa 100 alionse amachira.

2 Nkhondo imeneyi yamenyedwanso mu Afirika. Mu 1958 Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni amene anali kugwira ntchito ku Kampala, Uganda, analongosola chotupa cha m'nsagwada chofala mwa ana a kumadera a malungo ambiri. Chotupacho chimakula mofulumira, koma chimagonjanso msanga ku mankhwala, ndipo zipatala zonga Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre zachiritsa ana ambiri odwala nthendayi. Bungwe la World Health Organization limati ana ndi achinyamata pafupifupi 400,000 amadwala kansa chaka chilichonse. M'maiko olemera oposa 80 peresenti amachira, pamene m'maiko ambiri osauka ochira sakwana 30 peresenti. Mu 2018 bungwelo linaika chonulirapo chakuti podzafika 2030, osachepera 60 peresenti adzichira padziko lonse.

1, 2. Kodi zinthu zasintha motani kwa ana odwala kansa?

3 Chotero achikulire amene anadwalapo kansa ali ana akuchulukirachulukira, ndipo ena a iwo ali m'mipingo yachikristu. Kodi moyo wawo ngwotani? Kale mu 1975, dokotala wina wa kansa ya ana, Giulio D'Angio, anachenjeza anzake kuti kuchiritsa pakokha sikokwanira. Anali kutanthauzanji? Ndipo kodi Mawu a Mulungu amanenanji kwa munthu amene imfa inamphonya koma thanzi lake silinabwerere mwakale?

3. Kodi ndi mafunso ati amene nkhani ino idzayankha?

Mtengo wa Kuchira

4 Mankhwala amphamvu otchedwa chemotherapy ndiponso cheza chotchedwa radiation amapha maselo amene amachulukana mofulumira. Tsoka lake nlakuti m'thupi la mwana, mafupa, ubongo, ndi ziŵalo zina zimakhala zikukulanso, choncho nazo zimavulazidwa. Mankhwala a doxorubicin angafooketse mnofu wa mtima, ndipo vutolo lingaonekere patapita zaka 10 kapena 20. Cisplatin angagonthetse makutu. Cyclophosphamide wochuluka angachititse kusabala. Cheza chowombedwa kumutu chingapinimbiritse msinkhu ndi kuchititsa kuti mwana azivutika kukumbukira za kusukulu. Pa akazi amene anawombedwa cheza pachifuwa ali aang'ono, pafupifupi 30 peresenti amadzadwala kansa ya m'maŵere asanapitirire zaka 50.

4. Nchifukwa ninji mankhwala a kansa amasiya mavuto okhalitsa m'thupi la mwana?

5 Kukula kwa vutoli kunadziŵika bwino mu 2006, pamene ofufuza a ku North America anafalitsa zimene anapeza mwa achikulire 10,397 amene anapezeka ndi kansa ali ana pakati pa 1970 ndi 1986. Ambiri a iwo anali asanafike zaka 30 zakubadwa. Chikhalirechobe, 62 peresenti anali ndi nthenda yokhalitsa imodzi kapena zingapo, ndipo mwa oposa 27 peresenti nthendayo inali yaikulu kapena yoika moyo pachiswe. Mu 2013 madokotala a ku St. Jude, atapima opulumuka 1,713 mmodzimmodzi, anaŵerengera kuti pofika zaka 45 zakubadwa, oposa 95 peresenti amakhala ndi nthenda ina yokhalitsa. Ambiri sanali kudziŵa nkomwe kuti anali nayo.

5. Kodi kufufuza kwa mu 2006 ndi 2013 kunavumbulanji?

6 Mavutowo samathera m'thupi mokha. Poyerekezera ndi abale awo obadwa nawo bere limodzi, opulumuka ambiri amasoŵa ntchito ndipo ocheperapo amaloŵa m'banja, makamaka aja amene anali ndi chotupa muubongo. Ena amachita mantha ndi kachotupa kalikonse kapena kutentha thupi kulikonse. Ena amadzifunsa chifukwa chake iwo anatsala pamene anzawo ogona nawo chipinda chimodzi m'chipatala anamwalira. Komabe, pali zolimbikitsa. Kufufuza kumodzimodziko kwasonyeza kuti opulumuka ochuluka amati ali okhutira ndi moyo wawo. Ndiponso, mwa zina chifukwa chakuti madokotala anachepetsa cheza ndi mankhwala owopsa, imfa za opulumuka m'zaka 15 chipezekere nthendayo zinatsika kuchoka pa 12 peresenti mwa odwala kuchiyambi kwa ma 1970 kufika pa 6 peresenti mwa odwala kuchiyambi kwa ma 1990.

6. (a) Kodi opulumuka amalimbana ndi zotani kuwonjezera pa matenda? (b) Kodi pali zolimbikitsa zotani?

Anapulumutsidwa, Koma Anapunduka

7 Baibulo limasimba za mwamuna wina amene chilema chake chinayamba pamene ena anali kuyesa kumpulumutsa. Mefiboseti anali ndi zaka zisanu pamene uthenga unafika wakuti atate wake Jonatani ndi agogo ake, Mfumu Sauli, aphedwa kunkhondo. Mwachionekere poopa kuti adani adzapha mwanayo, mlezi wake anamnyamula nathaŵa naye. M'liŵiro limenelo mwanayo anagwa, napunduka mapazi onse aŵiri. (2 Samueli 4:4) Manja amene anamlanditsa ndi omwewo amene anamgwetsa. Moyo wake unapulumuka, koma sanayendenso bwino kufikira imfa yake.

7. Kodi Mefiboseti anapunduka motani, ndipo akufanana motani ndi opulumuka kansa?

8 Nkhaniyo siimba mlandu mleziyo, ndiponso sinena kuti Yehova anali kulanga mwanayo kaamba ka machimo a Sauli. Mfundo imeneyi njofunika kumadera kumene nthenda yachilendo ya mwana imachititsa anthu kulozana chala ndi kupita kukaombeza. Pamene ophunzira anafunsa Yesu ngati munthu wobadwa wakhungu anavutika chifukwa cha tchimo lake kapena la makolo ake, iye anakana zonse ziŵiri. (Yohane 9:1-3) Matenda anadza pamodzi ndi kupanda ungwiro kochokera kwa Adamu, ndipo masoka amangogwera aliyense panthaŵi yosayembekezereka. (Mlaliki 9:11, Aroma 5:12) Kansa siili themberero, ndiponso siipatsirana mwa kudyera mbale imodzi kapena kugwirana chanza. Makolo amene anavomereza mankhwala amphamvu kuti mwana wawo akhale ndi moyo sayenera kudziimba mlandu poona zipsera zake. Iwo anachita zimene chikondi chinafuna panthaŵiyo.

8. Nchifukwa ninji opulumuka ndi makolo awo sayenera kudziona monga olakwa kapena otembereredwa?

9 Mefiboseti anakulira kutali, m'nyumba ya Makiri ku Lodebara. Patapita zaka, Mfumu Davide anafunsa ngati panatsala wina wa m'nyumba ya Sauli woti amchitire chifundo chifukwa cha Jonatani. Ziba, mnyamata wa Sauli, poyankha sanayambe nkutchula dzina la munthuyo komwe. Anatchula chilema chake. Ndipo Mefiboseti ataitanidwa, anadziyerekezera ndi galu wakufa. Koma mawu oyamba a Davide kwa iye anali dzina lake, kenako anamuuza kuti asaope. Anambwezera minda ya Sauli namkhazika pagome lachifumu monga mmodzi wa ana ake.—2 Samueli 9:1-11.

9. Kodi Ziba, Mefiboseti, ndi Davide anasiyana motani pakaonedwe kawo ka chilemacho?

10 Chochititsa chidwi nchakuti chaputalacho chimatha mwa kukumbutsa woŵerenga kuti Mefiboseti anali wopundukabe. (2 Samueli 9:13) Chifundo cha mfumu sichinawongole mapazi ake, ndipo mapaziwo sanamlande malo ake. Umu ndi mmene Yehova amachitira ndi atumiki ake lerolino. Iye sayesa munthu ndi msinkhu, mphamvu, kapena maonekedwe, koma amapenya mumtima. (1 Samueli 16:7) Dziko limati moyo wabwino ndiwo thanzi, ntchito yapamwamba, ndi ana ambiri. Ngati muyezo uli umenewo, opulumuka ambiri adzadziona monga otsalira nthaŵi zonse. Koma mtumwi Paulo, amene anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchotsedwe ndipo sunachotsedwe, anaphunzira kuti mphamvu ya Mulungu imaonekera bwino koposa mwa munthu wofooka.—2 Akorinto 12:7-10.

10. Kodi muyezo wa Yehova wa moyo wabwino umasiyana motani ndi wa dziko?

Nzeru Imatetezera Moyo

11 Kudalira Mulungu sikutanthauza kunyalanyaza thupi. Miyambo 22:3 imayamikira munthu wochenjera amene amaona tsoka lidakali patali nabisala. Yesu anavomereza kuti odwala amafunikira sing'anga, ndipo Paulo anapatsa Timoteo uphungu wonena za kudwaladwala kwake. (Luka 5:31, 1 Timoteo 5:23) Vuto la opulumuka ambiri nlakuti anali aang'ono kwambiri moti sadziŵa mankhwala amene analandira. Chotero nkwanzeru kuti makolo asunge makadi a kuchipatala osonyeza mtundu wa kansayo, maina a mankhwala ndi mlingo wake, ndiponso chiŵalo chimene chinawombedwa cheza. Mwanayo atakula, ayenera kupatsidwa makadiwo ndi kuuzidwa zoona. Kubisa mbiri imeneyi, ngakhale pofuna kumchitira chifundo, kungamuike pangozi.

11. Kodi makolo angamtetezere motani mwana wawo wochira pamene akukula?

12 Dokotala wodziŵa mbiriyo angapime mtima, chithokomiro, kapena makutu vuto lisanakule. Mwachitsanzo, akatswiri amalangiza kuti mkazi amene anawombedwa cheza pachifuwa ayambe kupimidwa maŵere chaka ndi chaka akafika zaka 25, kapena patapita zaka 8 chilandirire chezacho ngati nthaŵi imeneyo ndiyo ikudza pambuyo. Kumene kulibe makina opimira, wopulumuka angathebe kupimitsa kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndi kufulumira kupita kuchipatala akaona chotupa kapena akayamba kupuma mobanika. Kupeŵa fodya ndi kuledzera, kumene Mkristu amachita kale pomvera Mulungu, kumatetezera kwambiri mtima ndi mapapu ovulala kale. (2 Akorinto 7:1) Ayeneranso kuchenjera ndi ogulitsa mankhwala olonjeza zozizwitsa, ndi kukaniratu thandizo lililonse loloŵetsamo kuombeza.—Deuteronomo 18:10-12, Miyambo 14:15.

12. Kodi wopulumuka angachitenji kuti asamalire thanzi lake, ndipo ayenera kupeŵanji?

Ukwati ndi Kusabala

13 Kwa ambiri, chiyeso choŵaŵa koposa chimadza panthaŵi ya chitomero. Kodi wopulumuka aulule mbiri yake? Akristu amalankhulana zoona, ndipo ukwati womangidwa pa chinsinsi chotero umayamba ndi mng'alu. (Aefeso 4:25) Kuulula kumafuna kulimba mtima, pakuti winayo angabwerere m'mbuyo. Komabe nkwabwino kudziŵa mtima wake ukwati usanachitike. Aŵiriwo ayeneranso kumva zoona kwa dokotala m'malo momvera mphekesera. Opulumuka ambiri amabala ana, ndipo kufufuza kwa ku United States ndi ku Denmark sikunapeze kuti ana awo amabadwa ndi zilema kuposa ana ena. Ndi kansa yoŵerengeka chabe ya ana, pafupifupi 10 peresenti, imene imagwirizana ndi choloŵa cha makolo. Kansa ya m'diso yotchedwa retinoblastoma ili m'gulu limeneli, ndipo ana a munthu amene anaidwala ayenera kupimidwa maso adakali makanda.

13. Nchifukwa ninji kuona mtima nkofunika pachitomero, ndipo madokotala apezanji ponena za ana a opulumuka?

14 Bwanji ngati mwana sabwera? Kumadera ambiri munthu wopanda mwana amanyozedwa, ndipo achibale angaumirize mwamuna kutenga mkazi wina kapena mkazi kubwerera kwawo. Hana anadziŵa kuŵaŵa kwa chitonzo chotero. (1 Samueli 1:6, 7) Koma kwa Mkristu, kusabala sikumasula pangano la ukwati. Yesu anati zimene Mulungu wamanga pamodzi munthu asazilekanitse, ndipo sanaike kubala ana monga chikole cha panganolo. (Mateyu 19:4-6, 9) Mwamuna kapena mkazi amene amaima nji ndi mnzake pamaso pa achibale okakamiza amalemekeza Woyambitsa ukwati. Ndipo kupyolera mwa Yesaya, Yehova anauza mwamuna wofulidwa wosunga pangano lake kuti asadziyese mtengo wouma, namlonjeza dzina loposa ana aamuna ndi aakazi, dzina losafafanizika.—Yesaya 56:3-5.

14. Kodi Malemba amawalimbitsa motani okwatirana amene sangathe kubala?

Mpingo Usaweruze Monga Mwa Maonekedwe

15 Mbiri ya Mefiboseti ili ndi chenjezo kwa mpingo. Pamene Davide anathaŵa Abisalomu, Ziba anamneneza mbuyake kuti anatsala ku Yerusalemu dala poyembekezera ufumu. Davide anakhulupirira asanamve mbali inayo, napatsa Ziba chuma chonse cha Mefiboseti. Pambuyo pake zinadziŵika kuti wopundukayo anafuna bulu woti akwere, koma mnyamata wake anamnyenga namsiya. Masiku onsewo iye anali kulira mfumu, wosasamalira mapazi ake, ndevu zake, kapena zovala zake. (2 Samueli 16:1-4, 19:24-28) Kulephera kwa miyendo kunaonedwa monga kupanduka kwa mtima, ndipo amene anaweruza molakwa anali munthu yemwe uja amene anamchitira chifundo poyamba.

15. Kodi Davide anamuweruza molakwa motani Mefiboseti?

16 Zoterezi zingachitike mosavuta lerolino, popeza mavuto ambiri a opulumuka saoneka ndi maso. Mbale wazaka 28 wooneka wathanzi angakhale ndi mtima wonga wa nkhalamba. Akalephera kunyamula njerwa pantchito yomanga malo olambirira, ena anganene kuti ngwaulesi. Mlongo wosamva bwino angayesedwe wonyada chifukwa chosayankha moni. Wina amene amachedwa kugwira zophunzira angasiyidwe kumbuyo mwakachetechete. Akulu makamaka ayenera kufulumira kumva ndi kuchedwa kugamula. (Miyambo 18:13, Yakobo 1:19) Yesu anatetezera Mariya kwa omdzudzula mwa kunena kuti mkaziyo anachita zimene anakhoza. (Marko 14:6-8) Yehova safuna zoposa pamenepo kwa aliyense, ndipo mpingo suyenera kufuna zoposa zimene Yehova amafuna.

16. Kodi opulumuka angaweruzidwe molakwa motani, ndipo akulu ayenera kutsanzira motani Yesu?

17 Ngakhale mawu okoma angalase. Wopulumuka akatchula za kutopa kapena chisoni chake, kaŵirikaŵiri amauzidwa kuti angoyamikira kuti ali moyo. Iye amayamikiradi. Koma kuyamikira ndi chisoni zimakhoza kukhala mumtima umodzi, monga momwe masalmo ambiri a Davide amasonyezera. Miyambo 25:20 imayerekezera woimbira nyimbo munthu wosweka mtima ndi wovula mnzake malaya tsiku lozizira. Chothandiza ndicho kumvetsera, kumperekeza kuchipatala, kumsungira mpando wakutsogolo ngati samva bwino, ndi kumpatsa ntchito zimene angathe. Paulo anati ziŵalo za thupi zooneka zofooka nzofunika. (1 Akorinto 12:22) Munthu amene anayang'anizana ndi imfa ali mwana kaŵirikaŵiri amadziŵa kukhala pambali pa wodwala ndi kutonthoza kholo lothedwa nzeru kuposa ena onse mumpingo.—2 Akorinto 1:3, 4.

17. (a) Kodi ndi mawu ati amene angapweteke wopulumuka? (b) Kodi mpingo ungamthandize motani, nanga iye angauthandize motani?

18 Nayenso wopulumuka ali ndi mbali yake. Mefiboseti analongosola mkhalidwe wake mwaulemu ndi mosabisa. Davide atagamula kuti mindayo igaŵidwe pakati pa iye ndi Ziba, chigamulocho chinaoneka chosakwanira. Komabe Mefiboseti anati Ziba angatenge zonse, popeza mfumu inali itabwerera mumtendere. (2 Samueli 19:29, 30) Chimwemwe chake chinali pa ufumu wa wodzozedwa wa Yehova, ndipo palibe wonamizira amene akanamlanda chimenecho. Mofananamo, Mkristu amene amauza abale ake zimene thupi lake limalephera, amene amakhululukira olankhula mosalingalira, ndiponso amene sadziyerekezera ndi ena, amasunga mtendere wa mumtima mwake.—Agalatiya 6:4, Akolose 3:13.

18. Kodi opulumuka angaphunzirenji pa mkhalidwe wa maganizo wa Mefiboseti?

Kuchiritsa Kosasiya Zipsera

19 Madokotala ndi anamwino amene amagwira ntchito usana ndi usiku kupulumutsa ana ayenera kuyamikiridwa. Komabe, luso lawo lonse limagula moyo pamtengo wake. Kuchiritsa kwa Mulungu nkosiyana. Namani atachira khate, mnofu wake unakhala ngati wa kamnyamata. (2 Mafumu 5:14) Dzanja lopuwala limene Yesu anachiritsa linakhala langwiro monga linzake. (Mateyu 12:13) Mwana wamkazi wa Yairo, wazaka 12, anauka kwa akufa nayenda pomwepo, ndipo chimene anafunikira chinali chakudya basi. (Marko 5:41-43) Zozizwitsa zimenezi zinali chitsanzo cha zimene Yesu Kristu, Davide Wamkulu, adzachita padziko lonse mu Ufumu wake.

19. Kodi kuchiritsa kwa Mulungu kumasiyana motani ndi kwa anthu?

20 Panthaŵiyo palibe amene adzadandaula za kudwala. Makutu ogontha adzatseguka, opunduka adzadumpha ngati nswala, ndipo thupi lidzasee kuposa la mwana. (Yobu 33:25, Yesaya 33:24, 35:5, 6) Ubwana umene nthenda inaba udzabwezedwa. Ana amene anamwalira m'zipinda zija za chipatala, limodzi ndi zikwi zambiri za amene sanafike nkomwe kuchipatala, ali m'chikumbukiro cha Mulungu ndipo adzamva mawu a Mwana wake. (Yohane 5:28, 29, Chivumbulutso 21:3, 4) Kufikira tsikulo, opulumuka okhulupirika angakhalebe ndi mtima wofooka, msinkhu waufupi, kapena nyumba yopanda ana. Koma Mfumu imawadziŵa ndi maina awo, ndipo malo awo pagome lake ngosungika.

20. Kodi opulumuka okhulupirika ali ndi chiyembekezo chotani, nanga ali ndi chiyani ngakhale tsopano?

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Nchifukwa ninji ambiri ochira kansa ya paubwana amadwalabe atakula?

□ Kodi chochitika cha Mefiboseti chimasonyezanji ponena za mmene Yehova amaonera okhala ndi zilema?

□ Kodi Akristu ayenera kukuona motani kusabala m'banja?

□ Kodi mpingo ungapeŵe motani kulakwa kumene Davide anachita pomvera Ziba?